Ana aulumali ndi first aid: yankho kwa amadamu a ku Nkhotakota

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Nkhotakota, sukulu yake ili cha kugombe. Akuti: "Ahedi andipatsa udindo woona zaumoyo pasukulu pathu. M'kalasi mwanga muli ana awiri osamva, mmodzi wosaona, wina wachialubino, mtsikana wina amagwa khunyu, ndiye palinso ena ochedwa kumvetsa zinthu. Ine za special needs sindinaphunzire ndipo bokosi la first aid tilibe. Anawa ndingawaphunzitse bwanji kudzisamalira komanso first aid? Kapena ndingowasiya anzawo aziwathandiza?"

Amadamu zikomo, ndiyambire komwe mwamalizirako. Kuwasiya ayi. Mwana wosamvayo akaweruka amakasamba kunyanja ndi anzake, wosaonayo mwezi wa June amawotha moto ngati wina aliyense, ndipo nthawi yomwe ngozi imachitika inuyo mumakhala muli kwanu mukupanga zanu. Ndiye pa ana onse m'kalasimo amene akufunika kwambiri maphunzirowa ndi iwowo. Ine ntchito yanga ndi yomweyi yophunzitsa ana aulumali mbali ya kunyanja kuno, ndiye ndikuuzani zomwe zimatheka m'kalasi lodzadza lopanda zipangizo, osati zija za m'mabuku zoti tengani chidole choyeserera, chidolecho muchipeza kuti.

Choyamba, manotsi asiyeni kaye. Palibe amene anaphunzira kuphika nsima pokopera pabolodi, first aid nayo ndi chimodzimodzi, imalowa ndi manja. Ndipo musafune kuphunzitsa zonse, sankhani zinthu zochepa zomwe zimachitikadi kwanuko, muziphunzitse mobwerezabwereza mpaka anawo atope nanu. Temu yonse itathera pa zinthu zinayi zokha palibe vuto.

Phunziro loyamba si bandeji ayi, ndi kunena. Ana ambiri aulumali amadwala mwakachetechete, osati chifukwa samva kupweteka koma alibe njira yonenera, kapena ananenapo kale anthu sanawamve ndiye anangosiya. Tengani katoni mujambule munthu wamkulu ndithu, mutu, mimba, khutu, dzino, mwendo, muikhome poti mwana aliyense afikira. Tsiku lililonse m'mawa, mphindi zochepa chabe, muziyeserera: ine mutu ukundipweteka, mukugwira mutu, nkhope mwaikwinya, kenako mukuloza pakatonipo. Mwana aliyense achite. Kwa awiri osamvawo funsani kaye makolo awo kuti kunyumba akafuna kunena kuti ndikudwala amapanga bwanji, chifukwa banja lililonse limakhala ndi masayini akeake, yambirani pamenepo. Kenako muphunzire masayini enieni a chinenero chamanja cha ku Malawi, a bungwe la anthu osamva la MANAD anatulutsa dikishonale yake, ndipo poyamba simukufunika ambiri, kupweteka, thandizo, kutentha thupi, chimbudzi, madzi, chipatala, basi. Koma masayiniwo aphunzire kalasi yonse. Mwana kudziwa sayini ya thandizo pomwe anzake onse sakuidziwa ndiye wapindula chani.

Izi ndikuzikakamira chifukwa cha malungo. Nkhotakota ndi Salima malungo ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku, ndiye mwana wochedwa kumvetsa akangokhala phee, wagona padesiki, phala walikana, musati ndi mmene alili. Mugwireni pachipumi ndi pakhosi, ngati watentha akayezedwe tsiku lomwelo. Akapatsidwa LA muuze makolo kuti ndi kawiri pa tsiku kwa masiku 3, amwe atadya, ndipo amalize ngakhale aoneke kuti wachira.

Tsopano khunyu, apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe tikutaya ana mosayenera. Anthu ambiri, ngakhale aphunzitsi anzathu ena, amakhulupirira kuti ukakhudza thovu la munthu wakhunyu, kapena akaipitsa mpweya iwe nkupuma, utengera. Bodza limeneli ndi lomwe limachititsa kuti mwana agwere pamoto anthu ali chiimire kumbali kumangoonerera. Khunyu sipatsirana, ndi vuto la mu ubongo, ndipo ana ena limayamba atadwala malungo aakulu aja ofika kuubongo, ena anavutika pobadwa, ena anavulala m'mutu. Muwauze anawo mosapita m'mbali ndipo akuoneni inuyo mukumugwira mnzawoyo opanda mantha, akaona amadamu sakuthawa nawonso sathawa.

Akagwa chochita ndi chochepa. Chotsani mabenchi, miyala, chilichonse chomwe angadzimenyetse, ikani juzi kapena chitenje chopinda pansi pa mutu, masulani kolala, yang'anani nthawi pafoni. Musamupanikize kuti asiye kuphiriphitha, musamuthire madzi, musamufukizire utsi, ndipo chonde chonde musaike supuni, kamtengo kapena chala mkamwa, zoti ameza lilime sizichitika, chomwe chimachitika ndi kuthyoka mano kapena chala chanucho kulumidwa. Akasiya mugonekeni cham'mbali kuti malovu azituluka, osamupatsa madzi kapena chakudya mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Nthawi zambiri zimatha zokha pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu. Zikapitirira mphindi 5, kapena wagwanso asanatsitsimuke, kapena wavulala, kapena wagwera m'madzi, pamenepo ndi kuchipatala msanga. Ndipo mwana yemwe sanagwepo chiyambire akakomoka thupi lili lotentha musathamangire kunena kuti ndi khunyu, akhoza kukhala malungo aakulu, kabaza abwere pompo.

Pali kanthu kena komwe anthu amaiwala. Mtsikanayo akatsitsimuka nkupeza kalasi yonse yamuzungulira, mwina wadzikodzeranso, manyazi amenewo ndi omwe amamusiyitsa sukulu kuposa matendawo. Ndiye pogawa ntchito, wina wochotsa mabenchi, wina wothamangira kwa ahedi, pakhalenso wina wofunditsa chitenje m'chiuno, ena onse atuluke kapena atembenuke. Poyeserera musagwiritse ntchito iyeyo, gonani pansi ndinu kapena mwana wina wodzipereka, ndipo musanauze kalasi za matenda ake mukhale kaye pansi ndi mayi ake komanso mwini wakeyo, avomere.

Iye mwini zomuphunzitsa ndi izi, mankhwala tsiku lililonse osadumphitsa, ngakhale patapita miyezi asanagwe, chifukwa kusiya mwadzidzidzi ndi komwe kumabweretsa kugwa koopsa kuja. Kuchipatala cha boma ndi aulere, phenobarbitone, carbamazepine ndi ena, nthawi zina amasowa inde, nchifukwa chake makolo azipita asanathe osati atatha. Ana ena amamva zikamabwera, kafungo kachilendo, chizungulire, m'mimba kuchita ngati mukukwera chinachake, mufunseni, ngati amamva aphunzire kukhala pansi pompo ndi kukoka mnzake. Ndiye kunyanja. Mwana wakhunyu akhoza kumira m'madzi ofika m'mawondo. Asapite yekha kukasamba, kukatsuka mbale kapena kukatunga, asakwere bwato popanda wamkulu wodziwa za vuto lake, asakhale moyandikira moto, mumtengo wa mango asakwere. Sindikunena kuti azimutsekera m'nyumba ayi, azipita koma ndi munthu yemwe akudziwa chochita.

Osamvawo vuto lawo lalikulu ndi loti chenjezo lathu lonse ndi lapakamwa. Wina akakuwa kuti ng'ona, kapena njinga yamoto ikaimba belu kumbuyo pamsewu wa M5, iwo sakumva. Aphunzitseni kuyenda kudzanja lamanja la msewu moyang'anizana ndi galimoto zomwe zikubwera, ndipo kunyanja aziyang'ana anzawo pafupipafupi, akaona akutuluka m'madzi naye atuluke, zofunsa pambuyo. Anzawo nawo adziwe kuti kukuwa sikuthandiza, ukamugwire paphewa kapena ukupize manja poti akuone. Pophunzitsa muziwayang'ana, kuwala kukhale pankhope panu, osalankhula mutatembenukira kubolodi. Ndipo muonetse kaye chinthu chonse mpaka kumapeto kenako mubwereze pang'onopang'ono, ana osamva amagwira msanga zoonetsedwa moti nthawi zambiri amadzakhala iwowo ophunzitsa anzawo kumanga bala. Mukaona khutu likutuluka mafinya, kaya ndi mwana uti, akaonedwe kuchipatala, osathiramo mafuta kapena kutokosa ndi machesi, ana ena kusamva kunayambira pomwepo.

Wosaonayo mawu oti "chonchi" ndi "apa" kwa iye alibe tanthauzo. Ikani manja ake pamwamba pa manja anu amve mmene mukupanikizira bala, kenako musinthane. Musanamugwire muzinena, ndikugwira dzanja lako tsopano. Adziwe kuti magazi amamveka ofunda ndi onata, adziwe paketi ya Thanzi poigwira, ndipo lita imodzi ya madzi osungunulira Thanziyo ayeze ndi mabotolo awiri a 500 ml, chala chili pakamwa pa botolo kuti amve likadzadza. Muyende naye njira yochoka m'kalasi kupita kuchimbudzi, kumjigo, ku ofesi ya ahedi mpaka ailoweze, ndipo ndowa ya first aid ikapatsidwa malo isamasunthidwe. Chimbudzi ndiye nkhani, iye amapapasa ndi manja ndi mapazi pomwe anzake amangoona nkudumpha, ndiye ukhondo wa chimbudzi cha pasukulu kwa iye si nkhani yamasewera, ndipo sopo akhale pamalo amodzi nthawi zonse.

Wachialubino mdani wake ndi dzuwa, ndipo dzuwa la kunyanja mwezi wa October ndi November mukulidziwa nokha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, si ochepa, ndipo khansa yapakhungu ndi yomwe imatenga ambiri akadali achinyamata. Chipewa cha khonde, malaya a manja aatali ngakhale yunifolomu ikhale ya manja aafupi, apa ahedi angomulola basi, ndi mafuta oteteza ku dzuwa omwe amaperekedwa kuchipatala. Aphunzire kudzola yekha m'mawa ndi masana, osaiwala makutu, kumbuyo kwa khosi, milomo ndi kunja kwa manja, ngakhale kuli mitambo. Pa asembule aime pamthunzi, zolima kapena kusesa masana ayi. Kachilonda kalikonse kosapola pakatha milungu ingapo akakaonetse, asadikire kuti kakule. Maso akenso saona patali ndiye akhale kutsogolo koma osati poti kuwala kwa pawindo kukumulasa. A bungwe la anthu achialubino la APAM amathandiza pa zambiri za ana amenewa, ndipo za chitetezo chake mukudziwa mmene zinthu zakhalira m'dziko muno, asamayende yekha popita ndi pobwera.

Ochedwa kumvetsa aja musawaderere, amaphunzira, kungoti chinthu chimodzi muchidule tizidutswa ndipo mawu ake akhale omwewomwewo tsiku lililonse. Mukanena lero kuti "panikiza" mawa musanene "dina", mwasokoneza. Njira yomwe ine ndimaikonda ndi yoyambira kumapeto, mwachitsanzo kusamba m'manja, inu mumuthandize zonse iye angopanga chomaliza chotsukuluza, akachigwira mumusiyire ziwiri zomaliza, choncho mpaka adzayambe yekha kuponda mpondagiya. Ubwino wake nthawi zonse amamaliza ndi iyeyo ndiye amasangalala. Kanyimbo kamathandiza, pekani nokha kachidule. Koma chachikulu, muphunzitsireni pamalo enieniwo. Mwana wotere akaphunzira kusamba m'manja m'kalasi ndi beseni, sizitanthauza kuti akatuluka m'chimbudzi akakumbukira, kwa iye ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pitani naye kuchimbudziko, kumjigoko, kukhitchini yophikira phala. Kolera ya 2022 mpaka 2023 ija maboma a kunyanja kuno inatipweteka, sitikufunanso kuuzidwa kufunika kwa sopo.

First aid yeniyeniyo ya kalasi yonse ndi yochepa. Bala lotuluka magazi, panikiza ndi nsalu yoyera osasiya, osamasuzumira, dzanja uvale jumbo ngati magolovesi palibe, dothi, fodya kapena ndowe ayi. Kupsa, thira madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, Colgate ayi, dzira ayi, mchere ayi, mafuta ophikira ayi, matuza osaphulitsa, ndipo apa mulimbane ndi makolo chifukwa anawo akakafika kunyumba agogo akanena zina. Kamfuno, khala pansi, weramira kutsogolo, tsina pofewa pa mphuno mphindi 10, zoyang'ana kumwamba zija magazi amangopita kukhosi. Galu akaluma kapena kukanda, tsuka ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likhale laling'ono, chiwewe chikayamba kuoneka sichichizika. Njoka, osamanga chingwe, osatema, osayamwa, mwanayo asayende, anyamulidwe. Mnzako akamamira usalumphiremo, kuwa, ponya chigubu chopanda kanthu chotseka bwino kapena mupatse nsungwi kaya nkhafi iwe utagona pansi kuti asakukokere. Chomalizachi muchibwereze kwambiri kwa ochedwa kumvetsa chifukwa ndi ana achikondi, amangolumphira.

Kutsamwa ndikutchule padera ngati muli ndi mwana wovutika kumeza, monga aja ofooka ziwalo chibadwire. Adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, osamuthamangitsa kuti belu lalira. Akatsamwa koma akutsokomola musiyeni atsokomole, akalephera kutulutsa mawu muweramitseni mumumenye ndi chikhatho pakati pa mapewa mpaka kasanu. Zopanikiza pamimba ndi zopanikiza pachifuwa munthu akasiya kupuma, zimenezo sindingakuphunzitseni polemba, pemphani a Red Cross a m'boma lanu adzakuonetseni aphunzitsi nonse ndi manja.

Ndipo pa chilichonse mwana waulumali akhalenso wothandiza, osati nthawi zonse iye ndiye wovulala wa sewero. Woyenda pa wilitcheya atha kupanikiza bala, atha kuwerenga mphindi, atha kutuma anzake. Mukamangomugoneka pansi kuti anzake aphunzirirepo, mukumuphunzitsa kuti iye ntchito yake ndi kudikira.

Masewera nawo ndi zaumoyo. Chomwe chimandinyansa ine ndi kupeza mwana waulumali wasiyidwa pansi pa mtengo akulondera zikwama anzake akusewera. Mpira wa majumbo ikanimo kachitini ka timiyala kuti uzilira, wosaonayo ausewera. M'malo mwa wezulo yokha kwezaninso kansalu kofiira, osamvawo aona. Fulaye, jingo, phada, zonsezi zimatheka kusintha malamulo pang'ono, afunseni anawo okha amapeza nzeru kuposa ife. Wakhunyu athamange, asewere netiboli, palibe choletsa. Wachialubino asewere m'mawa kapena pamthunzi.

Pali nkhani ina yomwe aphunzitsi ambiri amaizemba koma ndi yaumoyo kwambiri. Atsikana aulumali amatha msinkhu ngati wina aliyense, ndipo ochedwa kumvetsa ndi osamva nthawi zambiri palibe amawalangiza, tsiku loyamba amangoona magazi nkuyesa avulala. Gwirizanani ndi amayi a mother group, awaonetse ndi padi yeniyeni kapena kansalu, kavalidwe, kasinthidwe, kochapira, asanayambe osati atayamba. Pomwepo aphunzirenso, anyamata omwe, kuti malo obisika ndi awo, wina akawagwira akane ndipo akanene kwa munthu yemwe amusankha okha. Anthu oipa amasankha dala mwana yemwe akudziwa kuti sangathe kufotokoza. Mwana akakuuzani kapena kukuonetsani ndi manja, mukhulupirireni, musakambirane zapachiweniweni kumudzi, pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, palinso apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu kuboma.

Likodzo ndingolikhudza. Mkodzo wamagazi si chizindikiro choti mnyamata wakula, ndi matenda ochokera ku nkhono za m'madzi odekha a m'mabango. Wosaona sangaone mtundu wa mkodzo wake ndiye iye mumuphunzitse kunena akamva kuwawa pokodza. Tsiku logawa mankhwala a likodzo pasukulu muonetsetse kuti ana aulumali abwera ndipo adya kaye, chifukwa amene amajomba kawirikawiri ndi omwewo ndiye amaphonya chaka ndi chaka. Za mtsikana wakhunyuyo muwauze azaumoyowo asanamupatse, aone okha.

Za bokosi musadandaule. Ndowa ya chivindikiro, sopo, zidutswa za chitenje zowiritsa nkuyanika padzuwa, majumbo oyera, sizasi, mapaketi a Thanzi, mabotolo awiri aja, ndi kope lolembamo dzina la mwana, vuto lake, mankhwala omwe amamwa ndi foni ya kholo kapena ya neba. Mapilitsi musasungemo, inu si adokotala, makamaka aspirin kwa ana ayi. Pokonza bajeti ya SIG, ndalama zotukulira sukulu zija, muwauze a komiti aikemo sopo, magolovesi ndi bandeji, ndi ndalama yochepa. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu muwaitane adzaone ndowayo ndipo mutenge nambala yawo, komanso ya wakabaza mmodzi wodalirika, muzilembe pakhoma mu ofesi. Mukasowa wofunsa imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, ndi ulere. A PEA anu, alangizi a zamaphunziro a mu zoni, muwapemphe akulumikizeni ndi mphunzitsi wa special needs wa mu zoni yanu kapena yoyandikana nayo, aja anaphunzira ku Montfort ku Nguludi, akabwera ngakhale kamodzi pa temu adzakuonetsani zambiri, makamaka za masayini ndi braille, zilembo za osaona.

Kuti mudziwe ngati zalowa musawalembetse mayeso. Tsiku lina pa bureki, osawachenjeza, dzipakeni madzi a tomato pamkono mukhale pansi mukubuula, muone amene athamangire ndowa, amene apanikize, amene akaitane ahedi, ndi amene angoima. Oimawo ndi amene muyambe nawo sabata yotsatira. Ochedwa kumvetsawo muwauziretu kuti lero kuli sewero, ena amachita mantha kwambiri akaona amadamu avulala ndipo mawa lake sabwera kusukulu.